Malamulo a Mpikisano pa Msika wa Wailesi Yakanema Yolipira

Wailesi yakanema idafika mochedwa m'Malawi poyerekeza ndi mayiko oyandikana nawo, chifukwa m'zaka zonse za ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, yemwe kwawo kudali ku Kasungu, dziko lino lidalibe nyumba youlutsira zithunzi, ndipo Television Malawi idayamba kuonetsa mapologalamu ake mu 1999, boma la Bakili Muluzi litatsala pang'ono kukwanitsa zaka zisanu. Pamene kanema wa boma ankayamba, mabanja ochepa opeza bwino a m'mizinda adali akuonera kale matchanelo akunja pa DStv, yomwe kampani ya MultiChoice ya ku South Africa idakhazikitsa mu 1995. Motero msika wa kanema wolipira udabadwa uli ndi wogulitsa mmodzi wamkulu, ndipo malamulo oteteza mpikisano adabwera m'mbuyo, kudzapeza mwini msika atakhazikika kale. Mutu uno ukufotokoza momwe msikawu umayendera, zifukwa zomwe umagwera m'manja mwa ochepa, malamulo omwe aikidwa pofuna kuuwongola, komanso momwe zonsezi zimamukhudzira woonera wa kumudzi monga wa m'dera la Mfumu Yaikulu Lukwa, m'zigwa za fodya za boma la Kasungu.

Njira zofikitsira zithunzi kwa woonera

Kuti chithunzi chioneke pagalasi la kanema, pamakhala magulu atatu ogwira ntchito zosiyana. Gulu loyamba ndi la eni ake a zinthu zoonetsedwa, monga opanga mafilimu ndi mabungwe oyendetsa masewero a mpira, omwe amagulitsa ufulu woonetsa zinthu zawozo. Lachiwiri ndi la eni matchanelo, omwe amasonkhanitsa mapologalamu ndi kuwandandalika motsata nthawi, pomwe lachitatu ndi la onyamula, kutanthauza makampani omwe amatenga matchanelo ambiri, kuwamanga m'mitolo ya mitengo yosiyanasiyana, ndi kuwafikitsa pakhomo la munthu wolipira mwezi ndi mwezi. Malamulo omwe mutu uno ukukamba amayang'ana kwambiri gulu lachitatuli, popeza wonyamula ndiye amasankha tchanelo chomwe chifike kwa anthu ndi chomwe chitsalire, ndiponso ndiye amatchula mtengo.

Njira zonyamulira zilipo zitatu. Yoyamba ndi ya nthambo zokumbiridwa pansi kapena zopachikidwa m'mapolo kuchoka kulikulu la kampani kufika nyumba ndi nyumba, njira yomwe idafala ku America ndi ku Ulaya koma sidazike mizu m'Malawi, chifukwa imadula kwambiri ndipo imapindulitsa pokhapokha nyumba zikakhala zothithikana. Yachiwiri ndi ya setilaiti, chomwe ndi chipangizo chokhala mumlengalenga pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, chomwe chimalandira zithunzi kuchokera pansi ndi kuzimwaza m'mayiko ambiri nthawi imodzi, kotero kuti aliyense wokhala ndi dishi ndi dikoda angathe kuzikola. Dikoda ndi kabokosi komasula zithunzi zomwe kampani imazitumiza zili zokiya, ndipo kamatsegula matchanelo okhawo omwe mwini wake walipira. Yachitatu ndi ya milongoti yapansi, yomwe imatumiza zithunzi ku eriyo wamba, ndipo GOtv ya MultiChoice ndi Kiliye Kiliye zimayenda m'njira imeneyi.

Msikawu monga uonekera ku Lukwa

Kudera ngati la Lukwa, komwe midzi ndi maesiteti a fodya zili patalipatali, nthambo za kanema kulibe, ndipo mphamvu ya milongoti yapansi imacheperachepera munthu akamatalikira kumene mlongotiwo uli, kotero kuti dishi ndiyo njira yodalirika kwa ambiri. Magetsi nawonso ndi osowa, pakuti kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 alionse m'dziko lonse ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo ambiri mwa iwo adali a m'tauni. Chifukwa cha ichi, anthu ambiri akumudzi saonera kanema kunyumba kwawo koma m'nyumba zoonetsera vidiyo za pamalo ochitira malonda. Nyumba yotere imakhala ndi mabenchi a matabwa, mazenera otsekedwa ndi pulasitiki wakuda kuti kuwala kusalowe, sola padenga ndi batire pakona, kapena jenereta yolira kuseri, ndipo pakhomo pamakhala bolodi yolembedwa ndi choko matimu omwe asewere tsikulo. Mwini wake amalipira kampani kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo ndalamayo amaibweza potolera pang'onopang'ono kwa olowa pakhomo.

Ndalama za m'dera lotere zimayenda ndi nyengo. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, mabelo n'kuyamba kuchoka m'zigafa kupita ku okushoni ya Chinkhoma, madishi atsopano amakwera m'madenga ndipo madikoda omwe adazima amayakanso, koma miyezi ya dzinja ikafika, pamene ndalama yonse yalowa ku feteleza ndi kugula chimanga, kulipira kanema kumakhala koyamba kusiyidwa. Mtengo ukakwera m'nyengo imeneyi, mwini vidiyo amakweza ndalama yolowera kapena amatseka kumene. Alimi a ku Kasungu safunika kuphunzitsidwa tanthauzo la msika wa anthu ochepa, popeza chaka ndi chaka amagulitsa fodya wawo kwa makampani owerengeka ndipo amadziwa kuti wopanda kwina kopita amalandira mtengo womwe wauzidwa. Pa msika wa kanema zinthu zimangotembenuka, chifukwa ochepawo ndi ogulitsa ndipo mlimi ndiye wogula, koma kusowa kwa mphamvu yokambirana mtengo n'komweko.

Chomwe chimachititsa kuti mmodzi aphangire msika

Akatswiri a zachuma amati kampani ili ndi mphamvu pamsika ngati ingathe kukweza mtengo popanda kuopa kuti ogula athawira kwa wina. M'Malawi muli makampani angapo onyamula matchanelo pa setilaiti, monga Zuku ya ku Kenya, Azam ya ku Tanzania ndi StarTimes ya ku China, kotero wina angaganize kuti mpikisano ulipo wokwanira. Komabe kuchuluka kwa mayina sikutanthauza kuti malonda awo ndi ofanana, ndipo pali zifukwa zitatu zomwe zimasunga wamkulu pamwamba.

Chifukwa choyamba ndi ufulu woonetsa wekha. Mabungwe a mpira amagulitsa masewero awo kwa wopereka ndalama zambiri, ndipo kawirikawiri mgwirizano wake umaletsa wina aliyense kuonetsa masewerowo m'chigawo chonse kwa zaka zingapo. Kwa nthawi yaitali SuperSport, yomwe ndi nthambi ya MultiChoice, ndiyo yakhala ndi ufulu woonetsa masewero ambiri a English Premier League m'chigawo chino cha Africa, ndipo popeza mpira umenewu ndiwo umadzaza mabenchi a nyumba za vidiyo, mwini vidiyo sangasinthe dikoda ngakhale ina itatsika mtengo chotani. Chachiwiri ndi kukula kwa kampani, chifukwa ndalama yobwerekera malo pa setilaiti ndi yogulira mapologalamu imakhala yomweyo kaya olipira ndi ochepa kaya ndi mamiliyoni, kotero yemwe ali kale ndi anthu ambiri amagawa mtolowo pamitu yambiri, napeza phindu logulira ufulu wina wotsatira. Chachitatu ndi mtengo wosamukira, pakuti dikoda ya kampani imodzi simasula zithunzi za kampani ina, ndipo wofuna kusintha ayenera kugula dikoda yatsopano ndi kulipira woika dishi kuti ailozetse ku setilaiti ina, ndalama yomwe banja la kumudzi silingaipeze msanga.

Pamwamba pa izi pali chomwe akatswiri amachitcha kulumikiza magawo a ntchito, kutanthauza kuti kampani imodzi ikhale mwini wa matchanelo komanso wonyamula. Kampani yotere ingathe kumana opikisana nayo matchanelo ake otchuka, ndipo ingathenso kukana kunyamula tchanelo cha wina chomwe chikupikisana ndi chake. Kukula pakokha si mlandu pamaso pa malamulo a mpikisano, chifukwa kampani ingakule kaamba ka ntchito yabwino. Chomwe malamulowa amaletsa ndi kugwiritsa ntchito ukuluwo kutsekera ena pakhomo kapena kufinya ogula.

Malamulo a Malawi ndi mabungwe owayang'anira

Chaka cha 1998 Nyumba ya Malamulo idavomereza malamulo awiri omwe ndi maziko a nkhaniyi. Loyamba, lotchedwa Communications Act, lidakhazikitsa bungwe la MACRA kuti lizipereka ziphaso ndi kuyang'anira ntchito za mafoni, mtengatenga wa makalata ndi nyumba zoulutsira mawu ndi zithunzi. Lamuloli lidalowedwa m'malo ndi lina la dzina lomwelo mu 2016, lomwe lidakulitsa mphamvu za MACRA pa nkhani zachuma, monga kufufuza msika kuti lione kampani yomwe ili ndi mphamvu yoposa zinzake, komanso kuvomereza mitengo yomwe okhala ndi ziphaso akufuna kulipiritsa. Lachiwiri, lotchedwa Competition and Fair Trading Act, lidakhazikitsa bungwe la CFTC loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda a mtundu uliwonse, ndipo lidaletsa makampani kupangana mitengo mseri, kugawana misika ndi kugwiritsa ntchito molakwika mphamvu zawo.

Lamulo lachiwirili lidaoneka kufooka pamene bwalo lalikulu la milandu lidagamula mu 2023 kuti CFTC idalibe mphamvu yolipiritsa chindapusa payokha. Nyumba ya Malamulo idakonza lamulo latsopano lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2024, ndipo tsopano bungweli lingathe kulipiritsa kampani yolakwa chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zomwe yapeza pachaka, komanso makampani akuluakulu ofuna kuphatikizana ayenera kulidziwitsa ndi kudikira chilolezo asanatero. Kusiyana kwa mabungwe awiriwa n'kwakuti MACRA imaika malire zinthu zisanachitike, kudzera m'ziphaso ndi m'mitengo, pomwe CFTC kawirikawiri imafufuza khalidwe lomwe lachitika kale kapena lomwe anthu adandaula.

Gawo lina la ndondomeko ya boma lidadza ndi kusamuka kuchoka ku kaulutsidwe kakale kupita ku ka dijito, komwe mayiko a mu Africa ndi Ulaya adagwirizana ku Geneva mu 2006 kuti kuchitike pofika pa 17 Juni 2015. Malawi idakhazikitsa kampani ya boma ya Malawi Digital Broadcasting Network Limited kuti ikhale yonyamula zithunzi za nyumba zonse zoulutsira pa milongoti yake, ndipo dikoda yake ndiyo Kiliye Kiliye. Phindu la dongosolo limeneli pa mpikisano ndi lakuti nyumba yatsopano siyenera kumanga milongoti yakeyake kuti ifike kwa anthu, ndipo izi zidathandiza kuti matchanelo a m'dziko muno achuluke, mwa ena Times ndi Zodiak, pambali pa MBC. Dziko la Zambia lidatsata njira ina pokhazikitsa TopStar, kampani yomwe StarTimes ili ndi magawo 60 pa 100 ndipo nyumba youlutsira ya boma ya ZNBC ili ndi 40, ndipo ambiri kumeneko adadandaula kuti kampani imodzi yapatsidwa ntchito yonyamula zithunzi za ena uku ikugulitsanso mitolo yakeyake.

Mkangano wa MACRA ndi MultiChoice

Mayeso aakulu a malamulowa adafika pamene ndalama ya kwacha idayamba kugwa. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo makampani ogula mapologalamu ndi ndalama zakunja adati sangapirire osakweza mitengo. Mitengo ya DStv itakwera chaka chomwecho popanda chilolezo, MACRA idalamula MultiChoice Malawi kumayambiriro kwa 2023 kuti ilipire chindapusa cha K10 miliyoni ndi kubweza ndalama yoonjezerayo kwa olipira. Kampaniyo idatsutsa ponena kuti iyo ndi yongotolera ndalama ndi kusamalira makasitomala, pomwe mwini DStv ndi woika mitengo ndi MultiChoice Africa Holdings, yomwe idalembetsedwa kunja kwa dziko lino. Mitengo ina yatsopano italengezedwa kuti iyambe pa 1 Ogasiti 2023, MACRA idakatenga chiletso kubwalo lalikulu la milandu ku Lilongwe, ndipo pa 8 Ogasiti MultiChoice Africa Holdings idalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi ndipo silandiranso ndalama za mwezi wotsatira. GOtv idapitiriza kuonetsa, koma kwa anthu okhala kutali ndi milongoti yake izi sizidawathandize kanthu.

Bwalo lidapereka chigamulo chake pa 1 Disembala 2023, ndipo chigamulocho chidatsegula njira yoti DStv ibwerere mwezi womwewo, pa nthawi yomwe kwacha idali itangotsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala. Nkhaniyi idaonetsa poyera malire a lamulo loyang'anira mitengo. Setilaiti sidziwa malire a dziko, ndipo kampani yomwe ili ndi olipira mamiliyoni m'mayiko ambiri ingathe kusiya msika waung'ono osamva kupweteka kwenikweni, pomwe mwini vidiyo wa ku Lukwa, yemwe malonda ake onse adatsamira pa mpira wa Loweruka ndi Lamulungu, amatsala ndi mabenchi opanda anthu. MACRA idali ndi cholinga chabwino choteteza ogula, ndipo kampaniyo idali ndi mfundo yomveka yokhudza kugwa kwa ndalama, koma muzu wa vuto udali woti panalibe wogulitsa wina wokhala ndi katundu wofanana yemwe anthu akadathawirako.

Zomwe mayiko ena adachita

Dziko la America lidakumana ndi vuto lofanana nalo pamene lidamasula mitengo ya kanema wa nthambo mu 1984 ndipo mitengoyo idakwera kwambiri, chifukwa m'matauni ambiri mudali kampani imodzi yokha. Mu 1992 nyumba ya malamulo ya dzikolo idakhazikitsa Cable Television Consumer Protection and Competition Act, ngakhale Pulezidenti George H. W. Bush adalikana lamulolo. Kupatula kubwezeretsa uyang'aniro wa mitengo, lamuloli lidakakamiza makampani a nthambo omwe adalinso eni matchanelo kuti agulitse matchanelowo kwa opikisana nawo pa mtengo wosakondera, ndiponso lidawalamula kunyamula nyumba zoulutsira za m'dera lawo. Mfundo yogulitsa matchanelo kwa onseyi ndiyo idapatsa mpata makampani a setilaiti monga DirecTV, yomwe idayamba mu 1994, kuti akhale ndi katundu wokopa anthu ndi kupikisana ndi a nthambo.

Ku Ulaya akuluakulu oona za mpikisano adalimbana ndi ufulu wa mpira weniweniwo. Mu 2006 adagwirizana ndi Premier League kuti masewero ake azigulitsidwa m'magawo angapo ndipo wogula mmodzi asatenge onse, zomwe zidathetsa ulamuliro wa kampani ya Sky yokha pa masewerowo ku Britain kuyambira 2007. Njirayi ili ndi vuto lake, pakuti wofuna kuonera masewero onse amayenera kulipira makampani awiri, ndipo Setanta, yomwe idagula magawo ena, idagwa mu 2009. South Africa nayo ili ndi malamulo a bungwe la ICASA otchula masewero ofunika ku fuko lonse, omwe kampani yolipiritsa siyenera kuwatsekera kuti nyumba zaulere zisawaonetse.

Pafupi ndi kwathu, bungwe la mpikisano la COMESA, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe ndipo lidayamba ntchito mu 2013, lidafufuza kuyambira 2017 mgwirizano womwe bungwe la mpira mu Africa la CAF lidapanga ndi kampani ya Lagardère ya ku France, wopereka ufulu wogulitsa masewero ake kwa zaka khumi ndi ziwiri pa mtengo wa madola biliyoni imodzi. Mabungwe a mpikisano a COMESA ndi a ku Egypt atapeza kuti mgwirizanowo udali wautali mopitirira ndipo udaperekedwa popanda kuitana ena kuti apikisane, CAF idauthetsa mu 2019. Chitsanzo chimenechi chikusonyeza kuti zomwe dziko limodzi laling'ono silingathe, mayiko ogwirizana angathe, ndipo kufunika kwa mgwirizano wa mayiko kwakula kuchokera mu 2025, pamene kampani ya Canal+ ya ku France idatenga ulamuliro wa MultiChoice, kotero kuti onyamula awiri akuluakulu a mu Africa adakhala banja limodzi.

Chomwe chingateteze woonera wa kumudzi

Kuchokera pa zonsezi, zikuoneka kuti kuyang'anira mitengo ndi chida chofunika pamene mpikisano kulibe, koma sikuchiza nthenda yeniyeniyo. Chitetezo chokhalitsa cha wogula ndi kukhala ndi kwina kopita, ndipo ichi chimadza ngati ufulu woonetsa masewero ukugulitsidwa poyera, kwa zaka zochepa ndiponso m'magawo, ngati eni matchanelo otchuka akukakamizidwa kuwagulitsa kwa onyamula ena pa mtengo woyenera, komanso ngati matchanelo a m'dziko muno ali ndi malo otsimikizika pa dikoda iliyonse. Kukulitsa milongoti ya Kiliye Kiliye kuti ifike kumadera onse a fodya ndi gawo la ntchito yomweyi, chifukwa banja lomwe lingapeze nkhani, ulangizi wa zaulimi ndi masewero a Flames popanda dishi silikakamizika kugwadira wogulitsa mmodzi. Intaneti nayo yayamba kupereka njira ina yoonera pafoni, koma mtengo wa mabandulo ndi kufooka kwa netiweki kumidzi zikuchititsa kuti isalowe m'malo mwa setilaiti pakadali pano.

Akuluakulu adati nkhanga zidapangana kusanapse, ndipo nthawi yabwino yoti MACRA, CFTC ndi bungwe la COMESA zigwirizane za malire a ntchito zawo ndi momwe zingachitire ndi makampani olembetsedwa kunja ndi pamene mkangano wina usanabuke. Ogula nawonso ali ndi gawo lawo, pakuti malamulo amawapatsa ufulu wokadandaula ku MACRA kapena ku CFTC akaona chinyengo pa mitengo kapena pa zomwe adalonjezedwa, ndipo mabungwewa amafufuza mosavuta pamene madandaulo afika olembedwa ndi okhala ndi umboni monga uthenga wa pafoni wotsimikiza kuti ndalama idalipidwa. Lamulo la mpikisano liyenera kuyesedwa ndi funso limodzi, loti kodi munthu wa ku Lukwa yemwe sakukhutira ndi mtengo angathe kusiya kampani imodzi n'kupeza zomwe amafuna kwa ina, ndipo kufikira yankho lake litakhala inde, ntchito ya opanga malamulo ndi ya owayang'anira idakalipo.